Mpweya wa m'chitsime cha apongozi

Lolemba, 3 Okutobala 1932

Kutentha. Tiyi wa pa esiteti wafota, ana kusukulu kumangosinza. Mkazi wanga Lestina ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri tsopano, miyendo yotupa, koma kumtsinje osaphonya. Mtsuko pamutu, chitunda chonse chija. Ndinati ndizikatunga ndine, anandiseka mpaka kugwira mimba. Mphunzitsi ndi mtsuko!

Bambo ake, a Fabiano, sanaseke. Anangotenga khasu. Chitsime kuseri kwa nyumba, sabata yachitatu ino. Akuti mwana wawo sadzakweranso phiri ndi madzi iwo ali moyo. Ine yanga ndi kukoka ndowa ya dothi ndikaweruka. Kulowa m'dzenje andikaniza: "Manja a choko awa, akamwini, asungeni." Ndimawakonda akuluwa, kungoti poyambira kuwauza palibe.

Lachitatu, 5 Okutobala

Aphunzitsi tonse ku mishoni ku Makwasa. Adokotala a pachipatala cha mishoni anatiphunzitsa za mpweya. Akuti suli umodzi ayi. Wina ndi umene umatipatsa moyo, umayatsanso moto. Wina timautulutsa popuma, dzina lake kaboni dayokosaidi. Ndalilemba katatu kuti lilime lizolowere. Wosaoneka, wosanunkha, wolemera, umadikha m'maenje ngati madzi m'chithaphwi. Ukatsitsamo nyali imazima. Ukatsika munthu, chimodzimodzi.

Anatiwerengeranso nyuzi ya kwawo. Akuti nthanda, yomweyi imatidzutsa mbandakucha, ndi dziko lonse lathunthu, ndipo oyang'ana kumwamba apeza kuti lafunda mpweya womwewo. Anzanga mafunso mbwee, ngati kumeneko kuli anthu, ngati amalima. Ine mtima unali kuseri kwa nyumba.

Lachisanu, 7 Okutobala

Apongozi atuluka m'dzenje ali wefuwefu, mutu ukuwawa. Akuti ndi dzuwa. Dzuwa pansi pa dzenje lakuya ngati anthu asanu atasanjikizana? Koma dothi layamba kunyowa, ndiye chimwemwe chake ngati mwana. Avundikira ndi mitengo ndi udzu kuti mbuzi zisagweremo. Likhala chitsekere masiku awiri: Loweruka kupemphera kwathu, Lamulungu kwawo.

Ndinauza Lestina. Anati ndikawauze ndekha. Ndinapitadi mpaka pakhonde pawo, ndinakhala pansi, tinakamba za mvula, za mbuzi, ndinatsanzika. Mkamwini wa chaka chimodzi kuphunzitsa apongozi kukumba? Ndine wamantha, ndalemba kuti ndizidziwa.

Lolemba, 10 Okutobala

Kusukulu sindinapite.

M'mawa apongozi avundukula chitsime, chingwe m'chiuno, mwendo umodzi uli kale m'dzenje. Ine ndatulukira ndi koloboyi woyaka kunja kutayera. Opita kukapalira tiyi anaima kuonerera. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinapempha kawiri kuti iyambe yatsika nyali. Anangoti ndigwire chingwe, nthawi ikutha.

Ndiye ndinawagwira mkono. Ine, mkamwini pamudzi pa eni, kukoka apongozi pamaso pa anthu mpaka kukhala pansi m'dothi. Amayi ena anagwira pakamwa.

Ndinamanga koloboyi pachingwe, kutsitsa. Pakati pa dzenje lawi kufupika. Pang'ono pokha, lazima. Mphepo panalibe. Ndinayatsa, kutsitsanso. Lazimanso pamalo pomwepo. Iwo anamasula chingwe m'chiuno, anadzisasa fumbi, analowa m'nyumba.

Lachitatu, 12 Okutobala

Masiku awiri apongozi osandiyang'ana. Mudzi wonse ukuti sukulu inandidya ulemu. Amalume a Lestina akuti umenewu ndi mlandu: mwina nkhuku, mwina ndipinde mphasa yanga ndiziona njira ya kwathu. Lestina akuti wakutsina khutu ndi mnansi. Akunena molimba mtima, koma maso ofiira.

Ndikaweruka ndikumatsitsa ndi kukweza nthambi yamasamba m'dzenje, kukupiza mpweya monga anatiuzira adokotala. Lero lawi lafika pansi likuyakabe.

Kaya andithamangitse. M'mawa ndimawamva akutsokomola kuseri kwa mpanda, akukalipira mbuzi, mtima wanga n'kukhala pansi.

Lachisanu, 14 Okutobala

Apongozi anandiitanitsa masana. Ndinapita nditakonza kale mawu otsanzikira. Anandipatsa mpando wawo, iwo pansi. Manyazi ake!

Za mkono sanatchule. Anafunsa ngati mpweya uja ndi wa kuno kokha kapena umapezekanso kwa Apwitikizi. Ndinati kulikonse kumene kuli dzenje lakuya lotsekedwa. Anafunsa ngati umasiya bala. Ndinati ayi.

Kenako anandiuza zimene ngakhale Lestina sazidziwa. Asanawoloke malire kuchoka kwa Apwitikizi kubwera kuno, zaka makumi atatu zapitazo, mng'ono wawo analowa m'chitsime m'mawa ali wathanzi. Anamutulutsa atafa, thupi lopanda bala. Ula unagwera mlongo wawo, Salome. Woyamba kumutchula mfiti anali iwo. Wogwetsa nyumba yake, iwonso. Chichokere sanatumizeko ngakhale moni.

"Ndiye kuti Salome sanachite kanthu, mwananga?"

Aka n'koyamba kunditchula choncho. Ndinangoyang'ana pansi, misozi ili chuchuchu, ya ine ndi ya iwo.

Akufuna ndiwalembere kalata yopita kwa Salome. Alipo munthu wa pafakitale wopita ku Milanje, kwa Apwitikizi, Lolemba. Apongozi sakudziwa ngati Salome ali moyo, kapena adzamuwerengere ndani. Anditsata mpaka pakhonde panga. Pepala ndatenga, inki ilipo. Dzina la Salome ndalemba pamwamba. Mawu otsatira sanabwerebe. Ali chikhalire, chipewa m'manja, akuti ndidikire pang'ono