Mawu a Lambros Atulukira Pabwalo Lamiyala

Nafplio, mwezi wa Meyi

Okondedwa amayi,

Ndayamba ndi kukupatsani moni. Kaya miyendo ija ikukulolani kukwera chitunda chakutchalitchi? Ife kuno tili bwino, kungoti ntchito yopakira malalanje yatha, manja angotsala ndi fungo.

Nkhani ndi ya akamwini anu. Chichitireni opaleshoni ya pakhosi ija, a Lambros anangotseka pakamwa. Munthu amene ankadzutsa tauni yonse potsatsa mavwende pa lole anayamba kulankhula ndi zala. Adokotala anachenjeza kuti akapanda kumayeserera, mawuwo apitiratu. Koma a Lambros manyazi, ati sangamanong'one ngati mbala. Ine mtima unkandiwawa, amayi, ndipo ndinkaliralira ndekha kubafa.

Lamlungu lapitali alamu anga a Stamatia anatikakamiza kupita ku Epidavros. Anati makolo akale ankagona kumeneko kuti Asklepio, mulungu wawo wa machiritso, awapoletse kutulo, ndiye mchimwene wawoyo poti tulo ndiye ntchito yake, akachira msanga. A Lambros anangowayang'ana ndi diso lofiira.

Titafika pabwalo lakale la zisudzo la kumeneko, la mipando yamiyala yokwera phiri, alendo ankasinthana kuima pamwala wapakati, wina kuimba, wina kugwetsa kakobiri kuti anzake amve kulira kwake ali kumtunda. Ine ndinakwera mpaka mzere womaliza, mpweya uli pakhosi. Pocheuka ndinangoona a Lambros akankhidwira pamwalapo ndi mlongo wawo. Anasuzumira uku ndi uku, n'kung'ung'udza poganiza kuti palibe angamve.

"Froso iwe, nsapato wandigulirazi zikundiluma. Tsika tizipita."

Amayi, ndinamva liwu lililonse ngati ali pakhutu panga! Ndinakuwa kuti avule ayende chapansi. Bwalo lonse linafa nacho chiseko, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Pobwerera anadandaula za nsapatozo njira yonse, ndipo sindinawadule.

Pempho langa ndi limodzi. Mundigulire tama, kachitsulo kaja kokhala ndi chithunzi cha mwamuna, mukapachike pa chithunzi cha Mayi Maria kwathuko. A Stamatia akuti tithokoze Asklepio, koma ine ndikudziwa amene munkamugwadira miyezi yonseyi.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Aristos ndi alamu, kwa azakhali a Marigo ndi ana onse ku Ikaria. Lamlungu likubwerali mudikire pafupi ndi foni, ndipo muzimitse wailesi. Akamwini anu akuti akufuna akupatseni moni okha, ndi pakamwa pawo.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Froso