Phazi la Apongozi pa Mabuleki

Lolemba, 13 Outubro

Mapaipi a mabuleki afika. Atatu, a labala wakuda, akununkhabe sitolo. Wa shapa, minibasi yochokera ku Tete, wanditulira pa msika wa Ntengo-Wambalame atawakulunga m'nyuzipepala ngati nsomba zouma. Awiri akutsogolo, imodzi yakumbuyo. Ndawafanizira ndi akale, utali womwewo, mazinga omwewo. Mulungu alipo ndithu.

Chatsala n'chimenechi basi. Injini idadzuka mu Agosto. Magetsi akuyaka, kupatula lakumanzere lomwe limayaka likafuna. Galimoto yake ndi Pijo ya malemu a Celestino, apongozi aamuna, yomwe yakhala pansi pa mtengo wa mapichesi chimwalirireni eni ake. Anthu akhala akundiseka ati Nicolau wasiya kukonza njinga zamoto, akudzutsa mtembo.

Ndilembe pano chomwe ndidayambira misala imeneyi, kuti tsiku lotopa ndizikumbuka. Mkazi wanga Iolanda adamusamutsira ku Furancungo, akuphunzitsa kumeneko. Amayi ake atsala okha. Dzinja lapitali adagwa kudimba, n'kugona m'matope mpaka odutsa adawaona. Titawapempha kuti tizikakhala limodzi, adati, "Ine pano ndidzachoka pa galimoto ya a Celestino, osati ina." Adanena akuseka, poti m'galimotomo munali mukuikira nkhuku. Ine ndidawagwira mawuwo.

Lachiwiri, 14 Outubro

Tsiku lonse pansi pa galimoto. Manati a mapaipi akale adagwirana ndi dzimbiri ngati adabadwira pamodzi. Parafini, kudikira, kugogoda pang'ono, parafini wina. Sipanala yaterereka, khungu la chala latsala pa chitsulo.

Paipi imodzi ndaidula pakati kuti ndione. Kunja ming'alu yokhayokha, mkati idatupa mpaka kutseka, singano siyingalowe. Ndikadangoti bola injini ikulira, tikadakathera kuphompho pa chitunda choyamba.

Apongozi ndi ine sitinayang'anizanepo chikwatirireni. Ulemu wa kwathu. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Kale Iolanda ndiye ankanyamula mawu pakati pathu, tsopano ntchitoyo idagwera galu. Lero masana ndamva ali kuseri kwa nkhokwe: "Iwe Tilipo, anthu ena chala chikutuluka magazi, nsalu ili pa mwalapo." Ndayankha kwa galu yemweyo kuti zikomo kwambiri. Tilipo wangoyasamula.

Lachinayi, 16 Outubro

Alowa onse atatu. Ndayamba kumanga mbali ya ku tayala, kenako mbali ya ku paipi yachitsulo, kuti labalayo asapotoke. Ndapinda chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto, paipi siyikukhudza tayala. Ndakhala kanthawi ndikungowayang'ana. Akongola kuposa galimoto yonse.

Tsopano kutulutsa mpweya. Ntchito ya anthu awiri iyi: wina pa mpando kupopa ndi phazi n'kugwira, wina pansi kumasula kabawuti kuti mafuta atuluke ndi thovu, n'kumanganso wa pamwambayo asanasiye. Akasiya msanga, mpweya umabwerera mkati, mwagwira ntchito yachabe.

Dinis, mnzanga wa kuseriku, wapita ku Zobwe ndi kachewere wake. Ndinali kudandaulira galu, mwadala mokweza. Yankho lachokera kukhitchini: "Tilipo, phazi ena tili nalo."

Lachisanu, 17 Outubro

Lero ndalankhula ndi apongozi anga. Ine mwini, pakamwa panga, popanda galu.

Ndidayamba ndalowa pansi, kenako iwo n'kukwera. Iwo pamwamba, ine pansi, chitsulo pakati. Palibe akuona mnzake, mwambo suli kuphwanyidwa. Ndimangoona dzimbiri ndi kumva mpando ukulira. "Popani, amayi. Gwirani. Siyani."

Koma ntchito yake ayi. Ndikamasula kabawuti, ndisanati siyani, phazi lachoka kale. Ndikumva mpweya ukuyamwidwa, fyoo. Ati bondo likuwawa. Ati sanamve. Ati ntchentche. Buleki yofewa ngati kuponda dzungu lophika. Ndaseka ndekha pansipo, mafuta akundidonthera pachipumi. Nkhalamba yanga iyi.

Lolemba, 20 Outubro

Chimodzimodzi Loweruka, chimodzimodzi lero. Botolo la mafuta a mabuleki latha, ndatsegula lina. Mtengo wake sindikufuna kuuganiza.

Koma nkhani! Sindinkadziwa kuti apongozi ndi olongolola chonchi. Akangokhala pa mpandowo pakamwa pamatseguka. Ati a Celestino adawafunsira ali pansi pa galimoto yomweyi, miyendo yokha ikuoneka, ndipo iwo adavomera miyendoyo. Ati Iolanda adatsala pang'ono kubadwira kumbuyoku pa matumba a nyemba. Ati ine tsiku loyamba adandiona pa mpata wa chitseko n'kunena kuti makutuwo ndi a munthu womva. Ndaseka mpaka mutu kugunda chitsulo.

Ndimawakonda mayi amenewa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachitatu, 22 Outubro

Ndakwera pachulu pomwe foni imagwira, ndamuimbira Iolanda. Ndimafuna kumuseketsa ndi za phazi losamva la amayi ake. Waseka pang'ono chabe.

Wati, "Nicolau, amayi ankawapopera bambo mabuleki zaka zonse. Ndili mwana ndinkawamva. Sanasiyepo phazi asanauzidwe."

Ndakhala pansi pachulupo. Ndiye kuti bondo, ntchentche, zonsezo. Masiku onsewa akundibwezera mpweya m'mapaipi mwadala, ine chitsiru ndikuwaphunzitsa mokoma mtima.

Iolanda wakwiya, koma ndi mkwiyo wa mantha. Ati ndipanikize buleki ndi mtengo, ndimalize ndekha, kapena ndidikire Dinis. Ati mvula ikangoyamba msewu wa ku Furancungo udzasanduka phala, Pijo yokalambayi siyidzadutsa, ndipo amayi adzakhalanso dzinja lina okha. Nanenso sindingakhale kuno mpaka kale, nyumba yanga ili kumeneko. Zonse wanenazo n'zoona. Mitambo yayamba kale kuunjikana chakumadzulo.

Loweruka, 25 Outubro

Dinis wabwera, wadzipereka yekha. Ati tingomaliza lero lomwe, nkhalambayo ikapume. Ndamuuza kuti kabawuti kena kathyoka. Bodza. Wapita akupukusa mutu.

Ndalowanso pansi, iwo akwera. Sindinanene kanthu za zomwe ndamva. Popani, gwirani, fyoo. Kawiri. Kachitatu ndangomanga kabawuti n'kugona chagada osalankhula.

Kenako ayamba okha, mawu otsika. Za tsiku lomwe nkhondo idafika m'mudzi muno. Adapakira m'galimotomu miphika, mphasa, ana a eni ake, mbuzi imodzi, n'kuwolokera ku Malawi osatseka n'chitseko chomwe. Zaka zonse za kumsasa wa othawa nkhondo a Celestino ankaipukuta tsiku ndi tsiku, anthu n'kumawaseka. Idawabweretsa nkhondo itatha, nyumba itapsa, udzu kufika m'khosi. Adatsika pansi pa mtengo womwewu n'kulumbira mumtima kuti pano sadzathawaponso.

"Galimoto iyi ikandinyamula ndi miphika, bambo, ndiye kuti ndikuthawa. Tsono panopa ndikuthawa chiyani?"

Ndinangoona fumbi la dzimbiri likugwa, mpando ukugwedezeka pang'onopang'ono. Ndadikira atsike, alowe m'nyumba, ndipo ndatuluka.

Lachinayi, 30 Outubro

Galimoto sindinaikhudze chiyambire Loweruka. Ndakonza njinga yamoto ya akatekisita, ndafolera khola la apongozi. Galu wabwerera pa ntchito yake yakale, ndipo mawu ake ndi ochepa.

Dzulo kwawaza chizimalupsa. Fungo la dothi. Anthu onse akondwa, ine ndikuganiza za msewu wa ku Furancungo.

Ndaganiza. Munthu sungamunyamule ngati thumba chifukwa choti adalankhula mawu akuseka. Ndidawatchera msampha ndi mawu awo omwe, ndikumadzitcha mkamwini wabwino. Iolanda ndidzamuuza kuti galimoto yakanika. Adzalira, adzandinena. Tidzapeza wachibale wogona nawo dzinja lino, ine ndizibwera pa njinga msewu ukalola. Sizokwanira, ndikudziwa. Akadzagwanso kudimba, mlandu udzakhala wanga.

Mafuta atsala theka la botolo.

Loweruka, 1 Novembro

M'mawa ndalowa pansi pa galimoto wopanda sipanala, poti ndi malo okhawo omwe ndingalankhule nawo. Amva, abwera, akwera.

Ndati, amayi, tisiye. Simukuchoka pano. Iolanda ndimuuza kuti Pijo yakalamba, yalephera, mabuleki sakugwira. Anthu aseke ine, zilibe kanthu.

Ndimati mwina athokoza. M'malo mwake chidendene chagunda chitsulo pamwamba pa mphuno yanga, gu!

"Yalephera? Galimoto ya a Celestino? Mukauze anthu zimenezo? Tengani sipanala, bambo."

Ndathamangira sipanala ngati mwana. Tayamba ndi tayala lakutali, lakumbuyo. Sindinanene n'komwe kuti popani, anali atayamba kale. Ndamasula, thovu, thovu, kenako mafuta oyera. Phazi lili nji, osagwedera. Iwo ndiwo amandiuza tsopano: mangani, kwinako, onjezani mafuta asathe m'kapu. Matayala onse anayi dzuwa lisanafike pamutu. Dontho lomaliza la m'botolo lalowa pa tayala lomaliza.

Ndawapempha aponde komaliza. Ndayesa kuzunguza tayala ndi manja onse awiri. Gwa. Ndayang'ana mapaipi onse atatu, ouma, osadontha.

Ndati zatha, amayi. Sindikudziwa ngati anamva bwino.

Sanatsike. Ndamva akupukuta chiwongolero ndi nsalu, nthawi yaitali. Ine ndili gone pansi, misozi ikulowa m'makutu.

Kenako ati, "Sindikuthawa. Ndikukaona mwana wanga, ndipo chitseko nditseka ndekha. Koma mtondo wanga sindisiya. Ukwana kumbuyoku?"

Mtondowo ndi waukulu ngati ng'oma, ndipo kumwamba kwayamba kugunda. Zingwe ndinaziika kuti kodi?