Zithunzi Zimene Ndinajambula M'nyumba ya Amayi

Okondedwa achemwali a Ajira,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko ku Mpondasi? Nanga miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ine kuno ku Lilongwe thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa mumaswera kwa amayi, ndipo foni yanu ikalira iwo amatchera khutu.

Ntchito ndi yomwe ija yojambula mkati mwa nyumba zogulitsa ndi za lendi. Lolemba abwana ananditumizira pafoni chilengezo cha nyumba ina ya ku Mangochi, ati ndione mmene anzanga amajambulira bwino. Achemwali, nditatsegula ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndi nyumba ya amayi! Zithunzizo ndi zanga zomwe, ndipo m'munsi mwake muli nambala ya achimwene athu a Bakali.

Mukukumbuka pa Idi ija atandipempha kuti ndijambule zipinda zonse? Ankati akufuna ana awo a ku Joni aione nyumba ya agogo awo. Ine kupusa, ndinaikapo luso langa lonse. Ndinadikira kuwala kwa m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Ndinazimitsa babu poti limachititsa khoma kuoneka lachikasu. Inu munaimirira ndi nsalu yoyera ya pabedi mpaka mikono kuwawa, kuti kuwala kubwerere pakona ya mdima ija. Ndinagwada pakhomo kuti pabalaza paoneke papakulu, ndipo mng'alu wa kuseri kwa chitseko ndinausiya mumthunzi dala, kuopa kuchititsa amayi manyazi.

Chimene chikundidya ndi ichi. A Bakali anati tichotse mkeka wa amayi woswalira, birika lawo la madzi ndi sutikesi yawo, ati zikudzaza malo. Kenako mthunzi wa amayi unkagwera pakhoma, ndiye ineyo, ndi pakamwa pangapa, ndinawapempha kuti atuluke kaye. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango akuseka, ati mwana wawo wasanduka bwana. Pachilengezo chija alembapo kuti m'nyumbamo simukhala munthu.

Ndinawaimbira a Bakaliwo. Poyamba anakana, kenako anati amayi akalamba, angathe kukakhala kwa inu, ndipo nyumba ya pafupi ndi msewu si yosungiramo nkhalamba imodzi. Nditayamba kulira anati ndisadziyeretse, popeza ofuna kugula apezeka kale, ndipo anakopeka ndi zithunzi zanga. Basi, n'kudula foni. Munthu amene ankandibereka kumsana popita ku madrasa! Ndakhumudwa kwambiri, achemwali, ndipo kamerayo sindinaigwirenso mpaka lero.

Ogulawo akubwera Loweruka kudzaona ndi maso. Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, tengani mapepala a malo a nyumbayo m'sutikesi ya amayi ija, mupite nawo kwa amjomba a Atumani, alongo awo a amayi, pamodzi ndi kalatayi. Popanda mapepalawo a Bakali sangagulitse, ndipo pamaso pa amjomba sangayerekeze kukweza mawu.

Amayi musawauze kaye. Ndifika Lachisanu pa basi ya m'mawa, Inshallah, ndidzagwade ndi kuwauza ndekha.

Moni kwa alamu, kwa ana onse ndi kwa azakhali. Amayi muwauze kuti mwana wawo wawasowa. A Bakali akafunsa ngati nawonso ndawapatsa moni, musaname chifukwa cha ine. Sindinawapatse.

Ndine mng'ono wanu,
Mwanamvua