Botolo Limene Akuti Linasweka

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno ku Biwi tilipo, ana akupita kusukulu, madzi okha ndiwo akuvuta.

Mwafunsa ngati ndinalandira perefyumu amene munapatsira amuna anga, bambo a Chisankho. Azakhali, sindinamuone. Iwo akuti botolo linasweka m'basi. Ndinalira, chifukwa ndi yemwe uja malemu amayi ankadzithira pa Khirisimasi pokha. Masiku ano sapezekanso, inunso munamusaka zaka zitatu.

Lamulungu lapitali kutchalitchi ndinakhala kumbuyo kwa Ireen, mayi wina wogulitsa kaunjika ku Mchesi. Fungolo ndinalizindikira nthawi yomweyo. Azimayi onse ankangomucheukira, iye akudzikupiza ndi kampango. Titatuluka ndinamufunsa komwe anagula. Anaseka, amvekere, "Ndi mphatso, asisi."

Ndinabwerera kunyumba osadikira anzanga. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti perefyumuyo akumukhala bwino.

Bambo a Chisankho sindinawafunse kanthu. Mungondiuza chimodzi, Azakhali: kodi alipo wina kuno amene munamutumiziranso? Poyankha muyimbe pa foni yanga, osati pa yawo.

Ndine mwana wanu,
Thokozire