Za Ndalama za Gapu ndi Malume a Twaibu

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ine mwana wanu Mussa, wokhala mu mzinda wa Brampton m'dziko la Canada, ndalemba kalatayi mwaulemu pofuna kukudziwitsani zimene zachitika chitisiyireni, komanso kutula pamaso panu nkhani ina imene yandisowetsa mtendere.

Choyamba, za pabanja. Mlongo wanga Mariamu anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo kwanu wachita bwino chaka chino, ngakhale akuti mbalame zadya mbali ya kumtunda chifukwa palibenso wokuwa ngati inu. Kuno mpongozi wanu Asiyatu ndi woyembekezera, masiku ayandikira. Adokotala anamuletsa kuimirira nthawi yaitali, choncho ntchito anasiya, ndipo lendi ya chipinda chathu chapansi yagwera pa ine ndekha.

Chachiwiri, ndine wokondwa kukudziwitsani kuti ngongole ya galimoto ija ndamaliza. Munkandikalipira pa foni kuti Msilamu wogona pa chiwongoladzanja sagona tulo tabwino. Pepala linanena zaka zisanu ndi ziwiri, koma ine ndinagwira maovataimu ku weyahausi, nyumba yosungiramo katundu kumene ndimagwira ntchito, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, mpaka ndatseka zaka zinayi zisanakwane. Ndinkafuna mumve muli moyo. Sizinatheke.

Tsopano ndilowe mu mutu weniweni wa kalata ino.

Tsiku limene ndinapita ku banki kukatenga kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, mayi wa pa desiki anandifunsa ngati ndakansela gapu. Ine ndinangomwetulira, osadziwa kuti gapu n'chiyani. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo nanenso ndikufotokozerani monga ndinamvera. Galimoto ya ngongole ikachita ngozi kapena kubedwa, inshulansi wamba imalipira mtengo wa galimotoyo pa tsikulo, umene umakhala wochepa kuposa ngongole yotsala. Gapu ndi inshulansi ina yokwirira mpata umenewo. Ine ndinailipiriratu ya zaka zonse, anaiphatikiza mu ngongole pa tsiku logula. Popeza ndamaliza msanga, ndalama za zaka zotsalazo ndi zanga, akuyenera kundibwezera. Zikuyandikira lendi ya mwezi wathunthu. Mayiyo anati fomu yokansela ndikaipereke kwa amene anandigulitsa galimoto.

Amayi, amene anandigulitsa galimoto ndi a Twaibu.

A Twaibu omwe aja a kwathu ku Nkhotakota, ogwira ntchito pa malo ogulitsira magalimoto ku Oakville. Ndi iwo anandilandira ndikubwera, ndinagona pa mpando wa m'nyumba mwawo mpaka nditapeza ntchito. Ndi iwo anaima ngati ankhoswe anga pa ukwati. Uthenga wa maliro anu utafika, ndi iwo anayendetsa mbale mu mzikiti kuti ndipeze tikiti ya ndege, ndipo ngakhale manda ndinapeza atakwirira, pa sadaka yanu ndinalipo. Inuyo muli moyo munawauza pa foni kuti, "Achimwene, mwanayo ndakusiyirani." Kuyambira pamenepo ndimawatchula kuti malume, ndipo m'dziko lino ndilibenso wamkulu wina.

Ndinapita ku Oakville nditavala malaya anga a pa Idi. Anandilandira ndi tiyi, akuseka. Anati, "Mphwanga, wabwera kudzasintha galimoto? Ndithu, mimba ya apongozi ikufuna yaikulu." Nditatulutsa fomu, kuseka kunatha. Anafunsa kuti, "Wakuuza ndani zimenezi?" Ndinayankha kuti a ku banki. Anati ndiisiye pa tebulo, aiona.

Masabata anadutsa. Ndikaimba foni, akuti a Twaibu atuluka. Ndikaimbanso, makina avuta. Pamapeto pake ndinaimbira kampani ya inshulansi yeniyeniyo, ndipo anandiuza zinthu ziwiri. China, kuti fomu yanga sinafike. China, kuti mwezi uliwonse ukadutsa ndisanakansele, ndalama zobweza zimachepa. Ndinakhala m'galimoto pa nthawi yopuma, chakudya chili pa mwendo, osachikhudza.

Lachisanu titatuluka mu mzikiti, a Twaibu anandikokera pambali, pakati pa magalimoto, kukuzizira koopsa. Anati, "Tamvera kuno mphwanga, ndikuuze chilungamo. Gapu imeneyo ine ndinalandirapo komishoni, ndipo ndinadya kalekale. Ukakansela, akampani adzaidula pa malipiro anga. Bwana wanganso amawerenga makasitomala anga amene akansela. Nyengo ino palibe akugula, ana anga awiri ali ku koleji. Ukufuna undivule jekete pa chisanu chino?"

Ndinati, "Malume, sichinali cholinga changa. Koma kunyumba zinthu zathina."

Anati, "Zathina? Tikiti ya ndege ija, kodi ndinakupatsa fomu yoti usaine?" Kenako anawonjezera kuti, "Mwana akubwerayo, azana, mawu oitanira ku mapemphero aja, m'khutu mwake adzanong'oneza ndani? Dzina adzapereka a ku banki?"

Ndinayang'ana pansi, Amayi. Zonse zimene ananena zinali zoona.

Kunyumba ndinafotokozera Asiyatu. Iye anali atakhala pa bedi, miyendo yotupa atatsamiritsa pa pilo. Anati, "Bambo, ine a malume ndimawalemekeza. Koma mwini nyumba m'mwambamu sadziwa kuti a Twaibu ndani. Ndipo gapuyo mukaisiya pa galimoto yopanda ngongole, ikuteteza chiyani? Mphepo?" Ndinamuuza kuti asalankhule motero za akuluakulu. Anati, "Chabwino, ndasiya. Pa tsiku loyamba la mwezi mukwere masitepewo nokha."

Apa ndi pamene ndinakusowani kwambiri, chifukwa mawu anu anandipeza mbali ziwiri. Munkati wokubwereka khasu nthawi ya njala sumuwerengera maungu amene wathyola m'munda mwako. Koma ndi inu nomwe munkandikoka khutu ndikabwera ku msika osafunsa chenji, mukuti manyazi anapha lambe. Ndinayesa kuika mawu awiriwa pa sikelo, ndipo sikeloyo inkangogwedezeka. Ndinaganizanso zowabwezera a malume komishoni yawo kuchokera pa ndalamazo, koma kuwerenga kwa bwana wawo sindingakufufute, ndipo munthu wamkulu sungamupatse ndalama ngati ukumugula.

Potengera zonse zimene ndalongosola pamwambapa, ndikukudziwitsani kuti ndinatenga chiganizo. Akampani anandiuza kuti fomu ndikhoza kuwatumizira ndekha, pamodzi ndi kalata ya ku banki, osadutsa kwa wogulitsa. Ndinatumiza. Chimene sindinalole n'chakuti a malume amve kwa bwana wawo. Tsiku lomwelo ndinapempha kuweruka msanga, n'kuyendetsa mpaka ku Oakville.

Ndinawapeza pa desiki lawo. Ndinavula chipewa, ndinagwira manja kumbuyo monga munandiphunzitsira, n'kunena kuti, "Malume, ndabwera ndekha kuti mumve kwa ine. Fomu ija ndatumiza ku kampani. Zonse zimene munandichitira sindinaiwale ndipo sindidzaiwala, koma mwana akubwera ndipo lendi ndilibe. Ndikupempha mundikhululukire."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinali wokonzeka kugwada pamaso pa azungu onse a mu ofesimo. Sanakalipe. Anaimirira, anakonza tayi, n'kundipatsa dzanja. Anandiyankha m'Chingerezi, ndi mawu osalala amene amalankhulira makasitomala. Anandithokoza chifukwa chogula galimoto pa malo awo, n'kundifunira tsiku labwino. Anandiperekeza mpaka pa chitseko cha galasi, n'kunditsegulira.

Chifikireni m'dziko lino, munthu ameneyu anali asanandilankhulepo m'Chingerezi.

Cheke akuti chifika masabata akubwerawa, ndipo lendi ilipiridwa. Lachisanu lapitali ndinawapatsa salamu pa khomo la mzikiti. Salamu anayankha, pakuti imeneyo ndi lamulo la Mulungu, koma nditapitiriza kuti, "Mwadzuka bwanji malume?" anatembenukira kwa munthu wina.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Munandisiya m'manja mwa munthu, ndipo ine ndatsegula manjawo ndekha. Ngati ndalakwa, mlandu ukhale pa ine, osati pa Asiyatu kapena pa mdzukulu wanu.

Pomaliza, ndikulonjeza pamaso panu kuti sindidzasintha mzikiti ndipo sindidzawalambalala. Lachisanu lililonse ndidzawapatsa moni ndi manja awiri, m'chilankhulo chathu. Tsiku limene Asiyatu adzachire, foni yoyamba idzapita kwa iwo, ndipo mwanayo sindidzamutcha dzina mpaka atandiyankha, kaya kuvomera kaya kukana. Ndikungopempha kuti yankholo lidzakhale m'Chichewa.

Mulungu akukulitsireni manda ndi kuwawalitsa.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokumverani nthawi zonse,

Mussa