Makina Satopa Mkono

Amayi okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, nanga bondo lija lasiya kukuvutani? Ife tili bwino, kungoti keke yandichititsa manyazi. Ine ndithu, wa digiri ya sayansi, dzulo ndinaphika chinthu chimene mpeni unachikana. Mkamwini wanu anachinyamula ndi manja awiri, n'kufunsa mwaulemu ngati angatchingire nacho chitseko cha pakhonde chimene chimamenyetseka ndi mphepo.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo wogulitsa tiyi pansi pa nyumba yathu akufuna womuphikira makeke, ndipo wati Loweruka ndimupititsire imodzi alawe. Ikamukomera, ndisiya ntchito yopinda makatoni ija, imene yandidya msana zaka zitatu. Ndiye ndinagula makina amagetsi otakasira, aja oima okha patebulo ndi mbale yake yachitsulo.

Chinandipweteka ndi lamulo lanu. Munatiphunzitsa kutakasa mpaka mkono uwawe, ukawawa n'kusintha mkono. Makinawa alibe mkono woti uwawe. Ndinathira zonse pamodzi, batala wouma gwa wochokera mufiriji, mazira, ufa, n'kuyatsa pa liwiro lomaliza. Ufa unandifika m'nsidze. Ndinawasiya akulira mphindi makumi awiri, ndikudikira kuti atope.

Phokoso la dzulolo landibweretsera mlendo lero, mayi wachikulire wa khomo loyang'anana ndi lathu, amene anakalambira mubekale. Agogoda masana ano kuti angodandaula pang'ono basi. Pamene ndikulemba pano ali pa kapu yachinayi ya tiyi, nsapato avula.

Ataona njerwa yanga ya keke ija, anapinda manja a malaya kuti tiyambirenso. Batala anamusiya panja mpaka chala chizilowa mosavuta, mazira anawaviika m'madzi ofunda. Chotakasira changati mbedza chimene ndinagwiritsa ntchito anachibweza m'katoni, ati n'cha buledi, n'kumangirira chophwatalala. Batala ndi shuga tinatakasa mpaka kuyera, mazira limodzilimodzi, uku tikuimitsa makina n'kumapala m'mbali mwa mbale. Ufa unalowa komaliza, pa liwiro lotsikitsitsa, ndipo utangosowa m'maso anazimitsa. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwonjezere kamphindi, anandimenya nacho chipande. Nditawauza za lamulo lanu anaseka mpaka kutsokomola, ati simunalakwe ayi, koma mkono wa munthu umadziwa polekera, makina ndi chitsiru champhamvu.

Keke yatuluka yotupa bwino, yofewa ngati yanu. Adya magawo atatu, kenako andiuza kuti ndi yabwino, koma zotere anaphikapo zosawerengeka, ndipo wa tiyi uja adzafuna kukoma kumene sangakupeze kwina.

Apa ndiye pali pempho langa, Amayi. Kachitini kofiira kaja, kamene mumabisa pamwamba pa kabati n'kumatapamo ife titatembenuka, muli chiyani? Musandiyankhe kuti muli chikondi, chifukwa chikondi sichinunkhira choncho. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya achimwene kuti ifike lero lomwe. Muwauze andiyankhe Lachisanu lisanakwane, ndi muyeso wake weniweni wa supuni, osati zija za kungowaza pang'ono. Ndikulonjeza kuti alamu anga sadzamva.

Mundiperekere moni kwa Bambo, muwauze kuti digiri ija yayamba kugwira ntchito. Moni kwa azakhali, achimwene ndi ana onse. Mdzukulu wanu akuti moni, kukamwa kuli keke.

Mlendo wanga watsanzika katatu, kawiri konse n'kukhalanso pansi. Pano avala nsapato zonse ziwiri. Ati Lachisanu m'mawa abwera ndi epuloni yawo, ndipo kachitini kakapanda kuulula zake adzakulemberani okha. Njerwa ija akupita nayo, chitseko chawonso chimavuta. Eya, atuluka.

Ndine mwana wanu,
Wadigiri