Zilonda za m'kamwa mwa Bambo

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku landilemera.

Bambo sanadyenso lero. Chiwazulireni dzino lija, zilonda za m'kamwa mwawo zikungokula, ndipo mankhwala a kuchipatala atha osasintha kanthu. Ndine ndinawakakamiza kuchoka ku Zomba ofesi yathu itasamukira kuno, poganiza kuti ndiziwasamala ndili pafupi. Kusamala kwake n'kumeneku?

Masana ndinazemba kuntchito n'kupita ku Old Town kwa Mayi Asiyatu, osoka zovala aja. Amuna awo amayendetsa lole ya ku Beira, ndiye anabwerako ndi ndere zouma za m'nyanja yamchere.

"Muwiritse mpaka madzi ake anande ngati therere," anatero Mayi Asiyatu pondipatsa nderezo. "Akazizira muwapake bambo anu m'kamwamo ndi chala. Kugombeko amatero. Koma ine si dokotala, mwananga."

Ndawiritsa, ndawapaka. Bambo anayasamula ngati mwana, manja atagwiritsa mpando, misozi ikutsika yokha.

"Zikuzizira bwino, Nabanda," anatero movutikira. "Usadandaule."

Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akungondimvera chisoni. Tiyi amene ndinawapangira wazizira patebulo osalawidwa. Mawa ndiwapakanso, poti china choti ndichite ndilibe.